Asilikali a M'thupi ndi Zotupa za Ana

Kodi munaonapo mwana atatupa nsagwada, mano akugwedera, chotupacho chikukulirakulira tsiku ndi tsiku? Ena amati ndi dzino. Ena amati ndi matsagwidi. Enanso amati mwanayo amulodza. Koma kawirikawiri imeneyi imakhala khansa. Khansa imeneyi imayambira mwa asilikali a m'thupi, ndipo ikachedwa imafika ku ubongo. Nkhani yabwino ndi yakuti mankhwala ake alipo. Werengani bwino kuti mudziwe.

Asilikali a m'thupi ndani?

Thupi la munthu linamangidwa ndi tizigawo ting'onoting'ono totchedwa maselo. Maselo ali ngati njerwa za nyumba, koma saoneka ndi maso. Ena mwa maselowa ntchito yawo ndi kuteteza thupi ku matenda. Amenewa ndiwo asilikali a m'thupi. Amapangidwa m'kati mwa mafupa, ndipo amayenda m'magazi usana ndi usiku.

Mukakhala ndi chilonda kuphazi, mwanabele amatuluka m'mphechepeche. Pamenepo ndi pamene asilikali asonkhana kuti amenye nkhondo.

Asilikaliwa ali m'magulu. Gulu lina limatchedwa B. Ntchito yake ndi kusula zida zolasira tizilombo. Gulu lina limatchedwa T. Ntchito yake ndi kuyendera maselo anzawo. Akapeza selo lolowedwa ndi kachilombo, kapena selo loyamba kusokonezeka, amalipha lisanabale ena.

Asilikali akatopa

Pali kachilombo kena kotchedwa Epstein-Barr. Kamafala kudzera m'malovu. Pafupifupi mwana aliyense kuno kwathu amakatenga akadali wamng'ono. Kamabisala m'kati mwa asilikali a gulu la B. Ana ambiri sikawadwalitsa, chifukwa gulu la T limakayang'anira.

Vuto limabwera ndi malungo. Inu a ku Phalombe mukudziwa kuchuluka kwa udzudzu m'madambo ndi m'minda ya mpunga kufupi ndi nyanja ya Chilwa. Mwana amadwala malungo, kuchira, kudwalanso. Nthawi iliyonse gulu la B limachulukana mofulumira kuti lisule zida. Gulu la T nalo limafooka. Ntchito yothamangira siichedwa kulakwika. Tsiku lina selo limodzi la gulu la B limasokonezeka. Limayamba kuberekana osaleka, ndipo palibe wolipha. Msilikali uja wasanduka mdani. Chotupa chayamba.

Si mwana aliyense wodwala malungo amene amadwala khansa imeneyi. Ndi ochepa okha. Koma pa mitundu yonse ya khansa ya ana muno m'Malawi, umenewu ndi umodzi mwa yofala kwambiri. Umakonda kugwira ana a zaka 4 mpaka 10, makamaka anyamata.

Anaitulukira ndani?

Dzina lake ndi khansa ya Burkitt. Denis Burkitt anali dokotala wa ku Ireland amene ankagwira ntchito pa chipatala cha Mulago ku Uganda. Iye analemba za matendawa m'chaka cha 1958. M'chaka cha 1961 anayenda ulendo wautali pa galimoto kufunsa m'zipatala za mayiko ambiri. Anafikanso kuno, dziko lathu likutchedwa Nyasaland. Anapeza kuti matendawa amachuluka kumalo otentha ndi a chinyezi, kumene kuli udzudzu wambiri. Kumapiri ozizira sanali kupezeka kawirikawiri. Kachilombo ka Epstein-Barr kaja kanapezeka m'chaka cha 1964 ku London, m'chotupa chochokera kwa mwana wa ku Uganda.

Nanga ubongo?

Ubongo ndi chiwalo chosafuna kusokonezedwa. Choncho uli ndi mpanda wakewake. Mpanda umenewu umasefa zonse zochokera m'magazi. Asilikali ambiri a m'magazi salowamo chisawawa. M'kati mwa mpandamo muli alonda akeake otchedwa microglia. Iwowa amasesa zinyalala ndi kudya tizilombo tolowerera.

Khansa ya Burkitt ikachedwa imatha kufika m'madzi amene amazungulira ubongo ndi mtsempha waukulu wa mu msana. Zikatero mwana amafooka miyendo, amalephera kukodza, kapena nkhope imapotoka. Mankhwala ena opita m'magazi amalephera kudumpha mpanda uja. Ndi chifukwa chake adokotala amabaya mankhwala ena pa msana. Makolo ambiri amaopa jakisoni ameneyu. Musaope ayi. Ndiyo njira yolowetsera mankhwala m'kati mwa mpanda.

Palinso zotupa zina zimene zimayambira mu ubongo momwemo. Zimenezi sizichokera ku malungo. Koma nazonso zimachenjerera asilikali. Chotupa chimatulutsa timadzi tonyenga alonda aja. M'malo mochimenya, iwo amayamba kuchithandiza kukula, ngati mlonda amene walandira chiphuphu kwa mbala. Choncho musadikire kuti thupi lidzichiza lokha. Pamenepa asilikali afuna thandizo la kuchipatala.

Zizindikiro zofunika kuzidziwa

1. Kutupa nsagwada, tsaya kapena diso. Kawirikawiri poyamba sikupweteka.
2. Mano kugwedera kapena kusuntha pamalo pake popanda kugwa kapena kumenyedwa.
3. Mimba kukula msanga, muli chinthu cholimba.
4. Miyendo kufooka mwa mwana amene ankayenda bwinobwino.
5. Mutu kupweteka m'mawa uliwonse, pamodzi ndi kusanza.
6. Kuyenda modzandira, maso kupotoka, kapena kukomoka popanda kutentha thupi.
7. Mutu wa khanda kukula mopitirira, liwombo litatupa.

Matsagwidi amatha okha pa sabata imodzi kapena ziwiri. Chotupa cha Burkitt sichitha chokha. Chingathe kuwirikiza kukula kwake pa tsiku limodzi kapena awiri. Palibe nthawi yodikira kuti tiyambe takolola nandolo.

Muchite chiyani?

Tengani mwana lero lomwe. Pitani kuchipatala chimene muli nacho pafupi, kaya ndi ku Migowi, ku Chiringa, ku Nambazo kapena ku Holy Family. Musaiwale buku lake la kuchipatala. Nenani tsiku limene chotupa chinayamba ndi mmene chakulira. Musalole kuti mwana amuteme mphini pa chotupapo kapena amuzule dzino kumudzi.

Akakutumizani ku Blantyre, pitani ndithu. Ku chipatala cha Queen Elizabeth, chimene ambiri timati ku Gulupu, kuli wodi ya ana odwala khansa. Dokotala wa ana Elizabeth Molyneux anagwira ntchito kumeneko zaka zambiri, kufufuza mankhwala oyenera ana a kuno. Kulinso madokotala ochita opaleshoni ya m'mutu. Ana ambiri achira, makamaka amene anafika msanga. Paja akuluakulu anati m'mera mpoyamba.

Chenjerani ndi chinthu chimodzi. Mwana akalandira mankhwala oyamba, chotupa cha Burkitt chimaphwa msangamsanga. Makolo ena amati, "Basi, wachira," nabwerera kumudzi. Kumeneko ndi kulakwitsa. Maselo oipa amakhala asanathe. Akadzukanso amavuta kuchiza. Malizani mankhwala onse monga anenera adokotala.

Mankhwala a khansa amafooketsanso asilikali abwino kwa kanthawi. Mwana akatentha thupi ali pa mankhwala, thamangirani kuchipatala. Mpatseni chakudya chabwino: phala lotsira nsinjiro, nyemba, mazira, matemba ndi zipatso. Khansa si yopatsirana. Mwana angathe kudyera mbale imodzi ndi abale ake.

Tetezani asilikali a mwana wanu

Kupewa malungo ndiko kupumitsa asilikali. Ana agone mu neti usiku uliwonse, chaka chonse. Mwana akatentha thupi, kamuyezetseni magazi tsiku lomwelo, ndipo amalize mankhwala. M'chaka cha 2019 Malawi linali dziko loyamba kupereka katemera wa malungo ku sikelo ya ana, ndipo Phalombe linali limodzi mwa maboma 11 oyambirira. Mwana amayamba kulandira ali ndi miyezi 5, ndipo amalandira kanayi. Funsani mlangizi wa zaumoyo wa m'dera lanu.

Ulendo wa ku Blantyre umafuna ndalama ya ulendo ndi munthu wotsala ndi ana ena pakhomo. Apa ndi pofunika abale, a mpingo ndi amfumu. Mwana wa mnzako ngwako yemwe.

Mafunso okambirana m'kalasi

1. Kodi asilikali a gulu la T amagwira ntchito yanji?
2. Mungasiyanitse bwanji matsagwidi ndi chotupa cha Burkitt?
3. Chifukwa chiyani adokotala amabaya mankhwala pa msana?
4. Mudzi wanu ungathandize bwanji banja limene latumizidwa ku Gulupu?