Dzina ndi limodzi, koma mphamvu ya chitsamba siifanana

Anzanga a geni, mwezi watha mayi wina amene amagula kambuzi kwa ine kuno ku Joni anandibwezera paketi, amvekere: "Achimwene, uyu ndi tsabola kapena tomato?" Zinandiwawa, chifukwa ndinapikula kwa mlimi yemwe uja wa chaka chatha. Nditamuimbira foni anandiuza kuti wa chaka chatha anali wa kumunda, mvula itadula msanga, pomwe uyu ndi wa kudimba, wothiriridwa m'mawa ndi madzulo. Mbewu imodzi, ukali wosiyana. Nkhaniyi ikukhudza kwambiri inu amene mumagulitsa mizu, makungwa ndi masamba a mankhwala.

Zomera zambiri zimapanga mankhwala amene asayansi amawatcha ma alkaloid. Ena timawadziwa kale: chikonga cha mu fodya, caffeine wa mu tiyi ndi khofi, kwinini wa malungo wochokera m'makungwa a mtengo wa cinchona. Capsaicin, amene amawawitsa tsabola, ambiri amamuika m'gulu lomweli. Chomera sichipangira ife zimenezi ayi. Sichingathawe mbozi kapena mbuzi, ndiye chida chake ndi kuwawa ndi poizoni. Koma kupanga chidacho kumadya chakudya, makamaka nayitirojeni, choncho chomera chimaonjezera chikaona kuti zavuta.

Amene tinakulira ku Kasungu kapena ku Mchinji chitsanzo tili nacho: fodya. Chikonga chimapangidwa ku mizu, osati m'masamba. Mbozi ikaluma tsamba, pabalapo pamatuluka chizindikiro chotchedwa jasmonic acid, uthenga n'kufika ku mizu. Mizu imaonjezera chikonga, chimakwera ndi madzi mpaka m'masamba, mbozi yobwera pambuyo n'kupeza tsamba laukali. N'chimodzimodzi tikadula nsonga ya fodya. Nsongayo imatumiza chizindikiro china, auxin, chimene chimachepetsa kupanga chikonga. Ukaichotsa, ndiye kuti wamasula buleki. Makolo athu ankachita izi osadziwa mayina achizunguwa, koma ankadziwa kuti tsamba lilemera ndipo likhala laukali.

Ng'amba nayo ili ndi mbali yake, ndipo apa pali masamu a geni. Madzi akachepa, zomera zambiri zimakhala zaukali pa kilogalamu iliyonse, mwa zina chifukwa chomeracho chakula pang'ono, ndiye mankhwala aunjikana m'thupi laling'ono. Mphamvu yakwera, makilo atsika. Mlimi akulira, wogula akusangalala. Koma si lamulo la chomera chilichonse, ndipo ng'amba ikanyanya chimangofa basi.

Makampani a mankhwala amazidziwa bwino izi. Kaduwa kofiirira kapena koyera kamene kamamera m'mayadi ambiri kuno ku South Africa, Madagascar periwinkle, ndi komwe kumachokera vinblastine ndi vincristine, mankhwala a khansa amene anapezeka cha m'ma 1950. Muli ochepetsetsa, moti pamafunika makilogalamu mazanamazana a masamba ouma kuti apeze galamu imodzi. N'chifukwa chake m'malabotale amathira methyl jasmonate, kunamiza chomeracho kuti chalumidwa, kuti chionjezere ma alkaloid. Kenako amayeza asanapange mankhwala aliwonse.

Ife sitiyeza. Vuto lagona pamenepo. Tsabola akachepa mphamvu, kasitomala amangodandaula. Koma pitani pa msika wa Faraday muone milu ya makungwa ndi mizu: wina wachokera ku KwaZulu-Natal, wina ku Mozambique, wina anakumbidwa m'chilimwe, wina m'dzinja. Wogulitsa amangoti "supuni imodzi m'kapu". Supuni ya thumba liti? Pali zomera ngati Datura, imene kuno amaitcha malpitte, zokhala ndi atropine ndi scopolamine, ndipo kuchuluka kwake kumasiyana kwambiri pakati pa chomera ndi chinzake. Muyeso umene wina anapulumuka nawo ukhoza kugoneka mnzake m'chipatala. Ukakhala mlendo m'dziko la eni, mlandu wotere suthera pa kubweza ndalama.

Ine ndimati, pofuna kupikula funsani kumene katundu wachokera, mwezi umene anakololedwa, komanso ngati ndi wa kudimba kapena wa kutchire. Musasakanize matumba a malo osiyana. Ndipo chonde, musamalembe pa Facebook kuti chakuti chimachiza shuga kapena BP. Kuno za mankhwala amayang'anira ndi a SAHPRA, ndipo inu ndi wamalonda, si dokotala. Zitsamba zimene ndikudziwa kuti zili ndi poizoni ine sindinyamula n'komwe, kaya phindu likhale lotani.

Za kambuzi uja, panopa ndimalemba pa paketi "wa kudimba" kapena "wa kumunda", mitengo iwiri. Mayi aja anatenga wa kumunda mapaketi atatu, osanenerera.