Moto wa Sola Umayambira Polumikizira Mawaya

Chidule cha khutuba ya Ijumaa

Kutamandidwa konse nkwa Allah, ndipo mtendere ndi madalitso zikhale kwa Mtumiki Wake Muhammad, akubanja kwake ndi maswahaba ake onse.

Abale ndi alongo olemekezeka, m'midzi yathu ya m'mbali mwa nyanja, kuyambira ku Mangochi, kudzera ku Salima mpaka ku Nkhotakota, panelo ya sola si yachilendonso. Ili padenga la golosale, ili pamzikiti kuyendetsa chimkuzamawu cha azana, ilinso kugombe kumene ikutchaja mabatire a nyali zomwe asiginala amakopera usipa usiku. Ngakhale magetsi a dziko lino alowera komweko, pakuti ku Nanjoka m'boma la Salima, malo opangira magetsi a dzuwa okwana mamegawati 60 adayamba kugwira ntchito mu 2021. Koma ambiri a ife tikamagula sola timafunsa za kukula kwa panelo ndi mtengo wa batire basi. Za malo amene waya ukukumana ndi waya unzake sitifunsa, chikhalirecho kawirikawiri ngozi imabadwira pamenepo.

Tiyeni timvetse chifukwa chake. Magetsi amayenda bwino mumkuwa wosaduka. Pamene mawaya awiri angopotedwa ndi zala nkukulungidwa ndi tepi, kapena ndi pepala la pulasitiki monga tionera m'nyumba zambiri, tinthambo tochepa tokha nditomwe timakhudzana. Mphamvu yonse ya panelo imapanikizana podutsa pamalo ochepawo, ndipo pamatentha. Lamulo lake ndi lakuti magetsi odutsa akachuluka kawiri, kutentha kwa pamalopo kumachuluka kanayi. Ndiye chifukwa chake polumikizira pamene padakhala zaka ziwiri popanda vuto pamadzasungunuka mwini nyumba atawonjezera panelo yachiwiri kapena atagula inveta yoti aonere kanema. Kutenthako kumachititsa mkuwa kuda ndi kudyeka, mkuwa wodyeka umatchinga magetsi koposa, kutentha nkuwonjezekanso. Zonsezi zimachitika pang'onopang'ono, kudenga kumene palibe amene amayang'anako.

Palinso chinthu china chimene ngakhale amisiri ena ozolowera magetsi a ESCOM sachilabadira. Magetsi a ESCOM amasinthasintha mbali yolowera, moti pa sekondi iliyonse amafika pa ziro ka 100, ndipo akathetheka, moto wakewo umapeza mpata wozima wokha. Magetsi a panelo ndi a batire amalowera mbali imodzi osalekeza. Polumikizira pakamasuka pang'ono dzuwa lili paliwombo, magetsi amatha kulumpha kampatako ndi kupitiriza kuyaka monga moto wa owotcherera zitsulo. Panelo ilibe swichi yoti nkuzimitsira dzuwa. Tangoganizani moto wotere pansi pa denga laudzu mwezi wa Okutobala, kapena pamwamba pa siling'i ya chipinda cha madrasa.

Pofuna kupewa zimenezi, mapanelo ambiri amakono amabwera ndi timapulagi tiwiri takuda kumapeto kwa mawaya ake, kachimuna ndi kachikazi, totchedwa MC4. Zilembo ziwirizo zikuimira Multi-Contact, kampani ya ku Switzerland imene idatiyambitsa ndipo tsopano imadziwika ndi dzina loti Stäubli, pamene 4 ndi mamilimita a kunenepa kwa kachitsulo kamkati. Tikalowetsana bwino timamveka kuti "kha", timadzikhoma tokha, ndipo mphira wam'katimo umatsekereza madzi ndi fumbi. N'zomvetsa chisoni kuti amisiri ena amadula timapulagi timeneti ndi mpeni nkupota mawaya, ati kufulumiza ntchito.

Apa pafunika kusamala kwambiri, chifukwa makampani ochuluka amapanga timapulagi tofanana ndi MC4 m'maonekedwe. Ka kampani ina kamatha kulowa m'ka kampani ina, munthu nkuyesa kuti zatheka. Koma kusiyana kochepa kwambiri, kosaoneka ndi maso, pa kukula kwa kachitsulo, pa mtundu wa chitsulocho ndi pa mphira, kumasiya kampata kolowera chinyezi ndi koyambira kutentha. Malamulo a akatswiri a magetsi a mayiko ambiri amanena kuti kachimuna ndi kachikazi zikhale za mtundu umodzi ndi za kampani imodzi, ndipo muyezo umene timapulagi tabwino timayesedwera ndi IEC 62852. Musaganize kuti ili ndi vuto la osauka okha. Mu 2019, ku America, kampani ya masitolo ya Walmart idatengera kukhoti kampani ya Tesla moto utabuka pamadenga a masitolo ake asanu ndi awiri amene adaikidwa sola, ndipo mwa zodandaula zake padali mawaya ndi zolumikizira zosamangidwa bwino. Nkhaniyo adakaithetsera kunja kwa khoti chaka chomwecho.

Kapulagi kabwino nakonso kamawonongeka ngati kamangidwa mwaulesi. Waya umayenera kufinyidwira m'kachitsulo ndi chipangizo chake chofinyira, osati ndi pulayala wamba kapena kumenya ndi mwala. Mmisiri akamaliza, mupempheni akoke wayawo inu mukuona. Ukasololoka, ntchito ibwerezedwe. Wayawo ukhale wopangidwira sola, wopirira dzuwa, umene kukula kwake kumakhala masikweya milimita (mm²) 4 kapena 6 monga alembera pachikopa chake. Waya wa wailesi kapena wa m'nyumba umauma ndi kung'aluka ukakhala padzuwa. Ulipo wina wotchipa umene kunja umaoneka ngati mkuwa koma mkati ndi aluminiyamu. Mukaupala ndi mpeni umayera. Ogulitsa amene akuudziwa waya wotere nkumautchula mkuwa akumbukire kuti kubisa chilema cha malonda ndi chinyengo, ndipo pano chimene chili pachiswe ndi moyo wa ana ogona m'nyumba ya wogulayo.

Ife a kunyanja tili ndi mdani wina, mphepo ya mwera. Waya wolendewera umagwedezeka usana ndi usiku miyezi yonse yachisanu, nkumakhulana ndi m'mphepete mwa lata mpaka chikopa chake kutha. Mawaya amangiriridwe kuchitsulo chonyamula panelo, timapulagi tisagone palata lotentha kapena pamene madzi a mvula amadikha. Makoswe nawonso amakonda kutafuna mawaya a m'siling'i.

Tsopano za batire, pakuti asodzi ndi eni malo otchajira mafoni amaligwira tsiku ndi tsiku. Batire la mavoti 12 silimugwira munthu, nchifukwa chake ambiri amalipeputsa. Koma mawaya ake awiri akagundana, limatulutsa magetsi ochuluka kwambiri moti waya umafiira nthawi yomweyo. Mankhwala ake ndi fyuzi yoikidwa pafupi penipeni ndi mutu wa batire wa chizindikiro cha +, ndipo fyuzi ikapsa musaimange ndi kawaya, fufuzani chaipsereza. Mawaya amangidwe pamitu ya batire ndi bawuti, osati kungopanira kapena kukhomera ndi kamtengo. Batire la asidi likamatchajidwa limatulutsa mpweya woyaka, choncho kuthetheka kwa waya womasuka m'chipinda chotseka kungaliphulitse ndi kumwaza asidi kumaso. Liikeni pamalo opita mphepo, patali ndi mafuta a injini ya boti. Polumikiza kontirola yambani ndi batire, panelo pambuyo. Pomasula yambani ndi panelo. Ndipo musazule kapulagi magetsi akuyenda. Zimitsani zonse, fundikani panelo ndi bulangete kapena dikirani kude. Kumene mapanelo ambiri alumikizidwa mondondozana, monga pamapampu a madzi, mavoti amafika mazanamazana ndipo amapha. Kumeneko asakhudze munthu wosaphunzira ntchitoyi.

Kwa akomiti a mizikiti ndi madrasa, ndalama zogulira sola ndi sadaka ya anthu, ndipo zili m'manja mwanu ngati amana. Bungwe la MERA ndilo limapereka ziphaso kwa oika magetsi, kotero musachite manyazi kumufunsa mmisiri chiphaso chake ndi kusunga lisiti la zipangizo. Mvula yoyamba isanagwe, sankhani munthu wodziwa akwere akaone polumikizira ponse. Pulasitiki yosintha mtundu, yotupa kapena yong'aluka, fungo la mphira wopserera, zobiriwira pamkuwa ndi nyali zophethira masana, zonsezi zikutanthauza kuti kapulagiko kachotsedwe pamodzi ndi kanzake, paikidwe tatsopano ta kampani imodzi.