KAMTENGO KA THONJE KAMENE KANGAPULUMUTSE MTIMA WA MWANA

Nyengo ya cisanu ikafika m'miyezi ya Juni ndi Julayi, ana ambiri m'midzi amadandaula kuti pakhosi pakupweteka. Mwana amakana nsima, amameza malovu movutikira, ndipo usiku thupi limatentha. Makolo amampatsa madzi ofunda a mandimu kapena panado, ndipo pakapita masiku atatu kapena anayi mwanayo amadzuka nabwerera kusukulu. Pamenepo banja lonse limayesa kuti matenda atha. Kawirikawiri amakhala atathadi. Koma kwa ana ena, zilonda zapakhosi zimenezi ndizo ciyambi ca matenda a mtima amene adzawavutitsa moyo wao wonse.

Zilonda zapakhosi zili mitundu iwiri. Zambiri zimadza ndi mavairasi, monga a cimfine, ndipo zimapola zokha. Zina zimadza ndi kacilombo ka mtundu wa bakiteriya kochedwa Streptococcus wa gulu A, kamene acipatala amangokacha strep. Kacilomboka kamafala ndi malovu potsokomola ndi poyetsemula, makamaka m'nyumba mogona anthu ambiri ndi m'makalasi odzaza. Kamakonda kugwira ana a zaka 5 kufikira 15, ndipo mwa ana khumi odwala pakhosi, awiri kapena atatu amakhala nako.

CIMENE CIMAONONGA MTIMA

Mwana wogwidwa ndi strep akapanda kulandira mankhwala oyenera, thupi lake limalimbana nako kacilomboko lokha. Mwa ana owerengeka, asilikali a m'thupi amasokonezeka nayamba kumenya ziwalo za mwini wake. Pakapita masabata awiri kapena atatu, mwanayo amatenthanso thupi, ndipo mabondo, akakolo kapena zigongono zimatupa ndi kupweteka, lero apa, mawa apo. Ena manja ndi nkhope zimagwedezeka zokha, kotero kuti sangathe kugwira colembera kapena kapu, ndipo pamudzi anthu amayamba kuganizirana za ufiti. Matenda amenewa dzina lake ndi rheumatic fever.

Kutupa kwa mabondo kumatha, koma mumtima mumatsala zipsera. Mtima uli ndi tizitseko tinayi timene timatseguka ndi kutsekeka kuti magazi aziyenda njira imodzi. Matendawa akabwerezabwereza, tizitsekoto timauma kapena kuyamba kudontha. Zaka zikapita, mnyamata amapuma wefuwefu pokwera kacitunda, miyendo imatupa, ndipo khasu limamkanika. Mtsikana nthawi zina sadziwa kanthu kufikira atatenga pathupi, pamene mtima umalephera kusenza katundu wa anthu awiri. Pa dziko lonse lapansi, matenda a mtima amenewa amapha anthu oposa 300,000 caka ndi caka, ndipo ambiri mwa iwo ndi a m'maiko osauka.

Zambia nayenso ali nalo vutoli. Madokotala a pa University Teaching Hospital anapima mitima ya ana a sukulu mu Lusaka ndi makina ounikira, ndipo lipoti lao la mu 2018 linaonetsa kuti pafupifupi ana 12 mwa ana 1,000 alionse anali ndi zizindikiro za matendawa. M'mwezi wa Meyi caka comweco, maiko a m'bungwe la zaumoyo la World Health Organization anagwirizana pa msonkhano wao ku Geneva kuti alimbane ndi matendawa mwamphamvu.

MMENE AMAPIMIRA

Cobvuta ncakuti maso okha sangasiyanitse bwino zilonda za mavairasi ndi za strep. Kale njira inali imodzi yokha: kutenga zoipa za pakhosi ndi kuzibzala m'kambale ku labotale kuti tizilombo timere. Nchito imeneyi imatenga tsiku limodzi kapena awiri, ndipo mai wocokera kutali sangabwererenso ndi mwana kudzamva zotsatira. M'zaka za m'ma 1980 kunatulukira njira yacangu yopimira pomwepo.

Namwino amauza mwana kuti ayasamule, nakanikiza lilime ndi kathabwa. Kenaka amatenga kamtengo kokulungidwa thonje kunsonga napukuta kumbuyo kwa mmero ndi m'mbali zonse ziwiri, osakhudza lilime kapena masaya. Mwana amamva ngati afuna kusanza, koma ndi kanthawi kocepa cabe, ndipo palibe kubaya kapena kutulutsa magazi. Thonjelo amaliviika m'kabotolo ka mankhwala, ndipo madzi ake amawayesa pa kapepala kofanana ndi kopimira malungo kamene makolo akudziwa kale. Pa mphindi 5 kufikira 15 yankho limaoneka. Mizere iwiri itanthauza kuti strep alimo, mzere umodzi kuti sanapezeke.

Cipangizoci cikaonetsa mizere iwiri sicinama kawirikawiri. Koma nthawi zina cimaphonya kacilombo kamene kalipo, makamaka ngati thonje silinafike bwino pammero. Ncifukwa cake dokotala angatumizebe zoyesa ku labotale ngati mwana ali ndi zizindikiro zonse. Phindu lina la kupima nlakuti mwana wa cimfine cabe sapatsidwa mankhwala opha bakiteriya pacabe, pakuti kumwa mankhwalawa mwacisawawa kumacititsa tizilombo kuwazolowera.

MANKHWALA ALIPO

Mankhwala a strep ndi penisilini, amene ndi akale ndiponso osadula. Mu 1950 madokotala a ku America, poyesa pakati pa asilikali ku Wyoming, anatsimikiza kuti penisilini woperekedwa kwa wodwala zilonda za strep amaletsa rheumatic fever. Mpaka lero kacilomboka kamafabe ndi penisilini. Wodwala amabayidwa jekeseni imodzi ya benzathine penicillin, kapena amamwa mapiritsi a penisilini kapena amoxicillin kwa masiku 10. Mankhwala akayambika pasanathe masiku 9 cidwalire, mtima umatetezeka.

Apa mpamene mabanja ambiri amalakwa. Mwana akamva bwino pa tsiku lacitatu, mapiritsi otsala amasungidwa kudenga kuti adzathandize wina. Kutero nkusiya tizilombo tamoyo pammero. Masiku onse 10 ayenera kutha. Mwana amene mankhwala a penisilini anamuwengapo kale, makolo auze namwino kuti ampatse ena.

Tizipangizo topimira mwacangu sitipezeka m'zipatala zambiri zakumidzi, koma ici sicifukwa cokhalira kunyumba. Kumene kulibe, acipatala amaona zizindikiro napereka mankhwala. Zizindikiro za strep ndi izi: pakhosi popweteka mwadzidzidzi, kutentha thupi, mafinya oyera kumbuyo kwa mmero, ndi anabere opweteka m'khosi pansi pa nsagwada, pamene cifuwa ndi mamina palibe. Mwana wotere apite ku cipatala tsiku lomwelo kapena m'mawa mwake. Aphunzitsi naonso angathandize potumiza mau kwa makolo akaona mwana akumeza movutikira m'kalasi.

Akuluakulu anati nkhuyu zodya mwana zinapota wamkulu. Mwana amene wadwala kale rheumatic fever amafunika jekeseni ya penisilini masabata atatu kapena anayi alionse kwa zaka zambiri, kuti matenda asabwerere. Tizitseko tikaonongeka kwambiri, cotsala ndi opaleshoni ya mtima, ndipo kwa banja la ku Chipata, Katete kapena Lundazi ndiye kuti ulendo wa makilomita mazanamazana wopita ku Lusaka, munda utasiyidwa ndi ziweto zitagulitsidwa. Zonsezi zingapeweke ndi ulendo umodzi wa ku cipatala capafupi, pa sabata loyamba limene mwana wanena kuti pakhosi pakupweteka.