Luso lili m'manja mwa agogo, olilandira ndani?

Mukapita pa msika wa Mitundu kapena pa Nathenje, kafikeni pomwe amagulitsa malichero, mphasa, madengu, mitondo ndi mipini. Wogulitsa akhoza kukhala mnyamata, koma mukamufunsa amene waluka licherolo, kawirikawiri mudzamva kuti ndi agogo ake kumudzi. Nanga agogowo akadzatsikira kuli chete, adzatilukire ndani?

Funsoli likukhudzana ndi Edzi kuposa momwe ambiri timaganizira. Kale luso linkayenda ndi mtundu. Mnyamata ankaphunzira kusoka mphasa ndi kusema mpini kwa bambo ake kapena kwa atsibweni, mtsikana ankaphunzira kuumba mbiya kwa mayi ake. Kuyambira 1985, pamene munthu woyamba anapezeka ndi kachirombo ka HIV m'Malawi muno, mliriwu unatenga anthu a msinkhu wa pakati, omwe akanalandira luso kwa agogo n'kulipereka kwa ana. Mankhwala a ma ARV anayamba kuperekedwa mwaulere mu 2004, koma pofika nthawiyo m'makomo ambiri munali mutatsala agogo ndi zidzukulu. Agogowo anatanganidwa ndi kusaka chakudya cha ana amasiye, mpata wokhala pansi n'kuphunzitsa unasowa.

Kuphunzira ntchito zamanja pagulu si kwachilendo kuno. Amishoni a mpingo wa Dutch Reformed atakhazikika pa Nkhoma mu 1896, pambali pa Mawu a Mulungu ndi kuwerenga ankaphunzitsanso ukalipentala ndi ntchito zina zamanja. Kwa anansi athu ku Dedza, wansembe wa Katolika, Bambo Claude Boucher, anatsegula malo a Kungoni ku Mua mu 1976, ndipo osema ziboliboli ambiri aphunzirira kumeneko n'kumadyetsa mabanja awo. Kalabu ya achinyamata singafanane ndi Kungoni, koma pansi pa mtengo wa mango ndi aphunzitsi awiri okalamba, kalasi imakhala yayamba.

Musaganize kuti ndi ntchito ya tsiku limodzi. Taonani lichero. Nsungwi yake imafuna yokhwima, yosafumbwa. Uing'ambe timizere topyapyala, upale mpaka tisalale, uluke mothinana kuti ufa usadutse, kenaka umangire mkombero. Pa mkombero pomwepa m'pamene ophunzira ambiri amagwa ulesi, chifukwa ukamanga mofooka lichero limaphwasuka mayi asanapete kawiri. Mbiya nayo ili ndi malamulo ake. Dongo silitengedwa paliponse, amayi odziwa amakhala ndi malo awo kudambo. Ukaumba umakulungiza ndi nkhulungo, n'kuumika pamthunzi masiku angapo. Ukafulumira kuotcha isanaume, imasweka pamoto. Zoterezi sizili m'buku, uyenera kukhala pafupi ndi mwini luso n'kumaona zala zake.

Tinene zoona, lichero siliteteza munthu ku kachirombo, ndipo ndalama yake ndi yochepa. Mbale ndi ndowa za pulasitiki zadzaza m'misika, nsungwi ndi bango nazo zikusowa m'madera ena. Komabe ndalama yochepa ya m'thumba lako imasiyana ndi yochuluka ya m'thumba la wina. Kafukufuku wa m'chaka cha 2004 anapeza kuti mwa achinyamata a zaka 15 mpaka 24, atsikana 9 mwa 100 aliwonse anali ndi kachirombo, pamene anyamata anali 2 mwa 100. Ziwerengero zatsika chitereni, koma atsikana akadali pachiopsezo chachikulu kuposa anyamata. Mtsikana amene wagula yekha sopo, mafuta odzola ndi makope pogulitsa mikeka iwiri amatha kukana chidyamakanda mosanjenjemera.

Phindu lina silioneka ndi maso. Manja akamaluka, pakamwa pamamasuka. Nkhani zomwe timachita nazo manyazi pa msonkhano, monga kudziletsa, makondomu ndi kukayezetsa magazi ku chipatala cha Nkhoma kapena cha Mitundu, zimatuluka zokha anthu ali chiweramire pa ntchito. Mnzathu amene ali pa ma ARV amakhala nafe pa mphasa imodzi, kubwerekana mpeni ndi kudyera mbale imodzi, popanda choopsa. Wina akadzicheka ndi nsungwi, atsuke bala ndi sopo n'kulimanga, mpeniwo utsukidwe, ntchito ipitirire. Lamuloli ndi la aliyense.

Makalabu ofuna kuyamba afike kaye kwa a mfumu, chifukwa ndi amene amadziwa aluso a m'mudzi ndipo ndi amene angaloleze kudula bango kudambo. Aphunzitsi musawagwiritse ntchito yaulere. Ngati ndalama palibe, kawalimireni kumunda, kawatungireni madzi kapena kuwafolerera nyumba. Za zovala za Gule Wamkulu zisiyeni, zili ndi eni ake ndi malo ake. Ndipo musagawe kuti izi n'za anyamata, izi n'za atsikana: mtsikana akafuna kasemasema m'patseni.

Nyengo yabwino ndi pambuyo pokolola, kuyambira Meyi mpaka mvula isanagwe, pamene bango lauma ndipo ntchito zakumunda zachepa. Sankhani chinthu chimodzi chokha, ndipo musanaluke madengu makumi awiri tumani awiri a inu pa msika akafunse mitengo.