Kodi mumadziwa? Bwalo lomangidwa ndi njerwa za ndende

Kodi mumadziwa kuti bwalo loposa mabwalo onse a milandu ku South Africa, lotchedwa Constitutional Court, lili pachitunda ku Braamfontein mumzinda wa Johannesburg, pamalo pomwe panali ndende ya Old Fort, m'mene anatsekeramo Mahatma Gandhi mu 1908 ndi Nelson Mandela mu 1962? Pomanga nyumba yake, imene inatsegulidwa mu 2004, amisiri anatola njerwa za chigawo chosungiramo akaidi oyembekezera milandu, nazimangira m'chipinda choweruziramo, kotero kuti woweruza akatukula maso amaona makoma amene anamva kulira kwa anthu aja.

Mandela mwini ndiye anatsegulira bwaloli pa 14 February 1995, nyumbayi isanamangidwe, ndipo pa 6 June chaka chomwecho, pa mlandu wa Makwanyane, oweruza motsogozedwa ndi Arthur Chaskalson anagamula kuti boma lisanyongenso munthu, ngakhale atachimwa chotani. Mu 1996 anabweza ngakhale malamulo atsopano oyendetsera dziko, nawavomereza pokhapokha atakonzedwa.

Oweruza ake ndi 11, ndipo mlandu suzengedwa akakhala ochepera 8. Akhoza kufafaniza lamulo la Nyumba ya Malamulo, ndi kudzudzula mtsogoleri wa dziko akapatuka; chigamulo chawo chilibe kokachitira apilo. Izi a Jacob Zuma, mtsogoleri wakale wa dzikolo, anazionera pakhungu pawo mu 2021, pamene, atanyozera lamulo la bwaloli lokaonekera ku komiti ya Zondo yofufuza za katangale, oweruza anawagamula kukakhala kundende miyezi 15.