Kodi maphunziro oyendetsa njinga yamoto ndi kutaya ndalama?

Anyamata ambiri a kabaza m'mizinda ya Lilongwe, Blantyre ndi Mzuzu amaphunzira kuyendetsa njinga yamoto kwa anzawo pabwalo la mpira ponena kuti kusukulu kumafunika ndalama zambiri.

Komatu lamulo la pamsewu la 1997 limafuna kuti woyendetsa aliyense akhale ndi chiphaso. Nthambi ya DRTSS imapereka chiphaso cha A1 kwa oyendetsa njinga zosapitirira 125cc ndi cha A kwa oyendetsa zazikulu, munthu akakhoza mayeso.

Kusukulu wophunzira amadziwa zizindikiro za pamsewu, kagwiritsidwe ntchito ka mabuleki onse awiri komanso kuopsa konyamula anthu mopyola muyezo. Amaphunziranso kumanga bwino chisoti, chomwe bungwe la WHO limati chimachepetsa chiopsezo chovulala ubongo mpaka ndi 74 peresenti.

Wopanda chiphaso akagwidwa amalipira chindapusa, ndipo apolisi atha kumulanda njinga. Akathyoka mwendo pangozi amakhala miyezi osagwira ntchito pomwe banja likudalira iyeyo.

Poyerekeza ndi zotayika zoterezi, ndalama ya maphunziro, yomwe imalipidwa kamodzi, ndi yochepa.