Kulawa Tiyi wa Ngale wa ku China

Inu mumadziwa tiyi wa ku Thyolo ndi ku Mulanje. Ku China amalimanso mtengo womwewo, koma ali ndi tiyi wina amene masamba ake amawakulunga ndi manja kukhala timibulu tonga nsawawa. Amamutcha tiyi wa ngale. Kwawo kwenikweni ndi m'chigawo cha Fujian, ndipo mzinda wa Fuzhou ndi wotchuka pa luso lonunkhiritsa tiyi ndi maluwa a jasmine. M'chaka cha 2014 bungwe la FAO linaika ulimi wa jasmine ndi tiyi wa ku Fuzhou pa mndandanda wa ulimi wamakolo woyenera kusungidwa.

Kodi fungolo limalowa bwanji? Alimi amathyola nsonga zanthete cha m'Marichi ndi m'Epulo, nkuzikulunga, nkuziumitsa. Kenaka amadikira miyezi yotentha, pamene jasmine amachita maluwa. Maluwawo amawathyola masana asanamasule. Usiku akayamba kumasula amawasakaniza ndi tiyi, ndipo tiyiyo amayamwa fungo. Kukacha amachotsa maluwa, nkuumitsanso tiyi uja. Amatero kangapo, nthawi zonse ndi maluwa atsopano. Tiyi wapamwamba amabwereza mwina mpaka kasanu ndi kawiri. Ndi ntchito yaikulu, nchifukwa chake mtengo wake ndi wokwera.

Apa ndiye pofunika kuchenjera. Ogulitsa ena amangowaza mafuta onunkhira pa tiyi wamba. Mukatsegula paketi, fungo lake guu! Mphuno yokha ikhoza kukunamizani, ndalama nkupita. Ngakhale maluwa ouma ambiri m'paketi si umboni wa tiyi wabwino ayi, amangokongoletsa.

Tsono yerekezani chonchi. Tengani matambula awiri ofanana. Muli monse ikani supuni yaing'ono imodzi ya timibulu. Madzi akawira, aphuleni ndi kudikira pang'ono kuti atsike kufika pa madigiri 80, chifukwa madzi owira kwambiri amawawitsa tiyi ameneyu. Thirani mofanana, dikirani mphindi 3. Shuga ndi mkaka zisiyeni kaye, pepani, zimabisa kakomedwe.

Yang'anani timibulu tikutambasuka. Mwa tiyi wabwino mudzaona nsonga yathunthu ndi tsamba limodzi kapena awiri, osati zinyenyeswa. Madzi ake amakhala oyera, achikasu pang'ono. Lawani, musameze msanga. Wabwino amatsekemera pang'ono kukhosi. Winayo amachita khambi, kapena amamveka ngati sopo.

Musataye masamba. Thiraninso madzi kachiwiri, ndiponso kachitatu. Tambula yachitatuyi ndiyo imaulula zonse. Mafuta owaza amakhala kunja kwa tsamba, ndiye amakokoloka ndi madzi oyamba. Fungo limene linalowa usiku ndi usiku limakhalabe m'katimo. Ngati pa tambula yachitatu jasmine akumvekabe, gulani ameneyo, ndipo mumusunge m'chitini chotseka bwino, kutali ndi sopo ndi palafini, pakuti tiyi amayamwa fungo lililonse.